N'chiyani chikupha maselo a mu ubongo wa bambo anga?

Funso: Bambo anga ali ndi zaka 67. Chaka chatha anawapeza ndi matenda a Parkinson atayamba kunjenjemera dzanja lamanja ndi kuyenda mokhwekhwereza mapazi. Adokotala anatiuza kuti maselo ena a mu ubongo mwawo akufa, koma sanatifotokozere chimene chikuwapha. Mankhwala a levodopa akuwathandiza ndithu, komabe tikuona kuti matendawo akungopitirira. Kodi maselowo akufa ndi chiyani, ndipo bwanji mankhwalawo sakuwapulumutsa? Nanga ife ana awo tidzadwalanso?

Yankho: Pepani ndi matenda a bambo. Mafunso anu atatuwa ndi olumikizana, choncho ndikhalitsa pa loyambalo, chifukwa likamveka enawo savuta.

Tsiku limene dzanja la bambo linayamba kunjenjemera, matendawa anali atakhala kale m'thupi mwawo mwakachetechete, mwina zaka 10 kapena kuposa. Pofika nthawi imene munthu akuoneka kuti akudwala, maselo okhudzidwawo amakhala atatha pakati pa gawo limodzi mwa magawo atatu ndi theka, ena amawerengera kuposa pamenepo. Otsalawo amakhala akugwira ntchito ya anzawo amene anafa, n'chifukwa chake palibe amazindikira kanthu mpaka atalemedwa. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifunanso pokamba za mankhwala.

Maselo amene adokotala ankanena ali chapakati pa ubongo, kumunsi, pamalo otchedwa substantia nigra. Ubongo wa munthu uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni, koma a pamalowa safika n'komwe 1 miliyoni. Mukadula ubongo wa munthu wamkulu amene anamwalira alibe matendawa, pamalopo mumaona ndi maso, popanda maikulosikopu, mizere iwiri yakuda bii, wina kumanja wina kumanzere. Kudako kumabwera ndi utoto umene umaunjikana m'maselowo munthu akamakula. Khanda silikhala nawo. Mwa munthu amene anadwala Parkinson zaka zambiri mizereyo imakhala yotuwa, penapake yofufutikiratu. James Parkinson, dokotala wa ku London amene analemba za matendawa mu 1817, zimenezi sanazione, chifukwa anthu 6 amene anawafotokoza sanaone m'kati mwa ubongo wawo, ndipo ena anangokumana nawo mumsewu. Amene anasonyeza kuti vuto lili pamalo akudawa ndi Konstantin Tretiakoff, ku Paris, mu 1919.

Ntchito ya maselowa ndi kupanga dopamine, mankhwala achilengedwe onyamula uthenga pakati pa maselo a minyewa, n'kumutumiza ku gawo lina la ubongo lotchedwa striatum. Dopamine sasuntha minofu. Minofu ya bambo ikadali ndi mphamvu zake, ndipo minyewa yopita kumanja ndi kumiyendo ili bwinobwino. Chimene dopamine amachita ndi kulola kuti kusuntha kuyambike, ndiponso kuika kukula kwake ndi liwiro lake. Akachepa, munthu amafuna kudzuka pampando koma thupi limachedwa kumvera, mapazi amaponyedwa pafupipafupi, mkono umodzi umasiya kugwedezeka poyenda, zilembo zimanka zichepa akamafika kumapeto kwa mzere, mawu amatsika, nkhope imaoneka yokhumudwa chonsecho mumtima muli bwino. Mu 1957 Arvid Carlsson wa ku Sweden anapatsa akalulu mankhwala otha dopamine mu ubongo, akaluluwo n'kungoti kwala osasuntha. Atawabaya levodopa, posakhalitsa anadzuka n'kumalumpha. Mu 1960, ku Vienna, Oleh Hornykiewicz anayeza ubongo wa anthu omwalira ndi Parkinson n'kupeza kuti dopamine wa mu striatum watsala pang'ono kwambiri. Mankhwala amene bambo akumwawo anabadwira pa ntchito ziwirizi.

Nanga bwanji akufa ndi maselo awa, pamene ambiri oyandikana nawo ali moyo? Ine ndimaona kuti yankho lagona pa kapangidwe ka selolo. Yerekezani mtengo wa thunthu lochepa koma nthambi zake zaphimba munda wonse, ndipo madzi a tsamba lililonse ayenera kudzera m'thunthu lomwelo. Selo la dopamine ndi lotero. Thupi lake silioneka ndi maso, koma limatulutsa ulusi umodzi umene ukafika mu striatum umagawikana kosawerengeka. Akatswiri akawerengetsera amapeza kuti nthambi za selo limodzi lokha la munthu, mutazilumikiza mondondozana, zingapitirire mamita 4, ndipo zimakhudzana ndi maselo ena pamalo oposa 1 miliyoni. Maselo ena ambiri a mu ubongo amathera pa mahandiredi kapena masauzande ochepa. Komanso ulusi wa maselo ambiri a minyewa umakutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, amene amachititsa kuti uthenga uziyenda mosadya mphamvu zambiri; ulusi wa maselo a dopamine uli nawo ochepa kapena ulibiretu. Ndiye kunsonga zonsezo kuyenera kutumizidwa mphamvu ndi mapuloteni atsopano, ndipo zotha ntchito ziyenera kubwezedwa ulendo wautali kuti zikagayidwe. Chilala chikagwira mtengo wotere zimayamba kuuma ndi nsonga za nthambi, ndipo n'zimenedi zimaoneka mu ubongo wa odwala: nthambi za mu striatum zimatha kaye, thupi la selo n'kutsala kwa nthawi lisanafe.

Kuwonjezera apo, maselowa sapuma. Maselo ambiri a minyewa amadikira kuti anzawo awadzutse. Awa amathetheka okha timphamvu ta magetsi kangapo pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, moyo wonse wa munthu. Akamatero, kashiamu amalowa m'selo kudzera pa tizipata ta pakhungu lake. Kashiamu wochepa ndi wofunika, ndiye amauza selo kuti liwonjezere kupanga mphamvu, koma wochuluka ndi poizoni, ndipo kumutulutsa kumadyanso mphamvu. Pafupi pomwepo pali gulu lina la maselo a dopamine limene lili ndi nthambi zocheperako, limalowetsa kashiamu wochepa, komanso lili ndi puloteni yogwira kashiamuyo kuti asayendeyende. Ambiri a gulu limeneli amapulumuka. Apa m'pamene timadziwira kuti kupanga dopamine pakokha sikupha selo.

Mphamvu zonsezi zimapangidwa mu tizigawo ta selo totchedwa mitochondria, timene timagwiritsa ntchito okosijeni potulutsa mphamvu mu shuga. Ntchitoyi siyenda mwaukhondo: nthawi zonse pamapulumuka tizidutswa ta okosijeni tolusa, timene timawononga mafuta a khungu la selo, mapuloteni ndi DNA. Selo limene likupanga mphamvu mosalekeza limalandira tambiri.

Zoti mitochondria ali pakatikati pa nkhaniyi zinadziwika mwangozi. Mu 1982, ku California m'dziko la America, anthu angapo ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo anadzibaya mankhwala opangidwa mobisa, amene wopangayo analakwitsa n'kutulukamo chinthu chotchedwa MPTP. Pasanathe masiku ambiri anauma thupi lonse, osatha kuyankhula kapena kutembenuka pabedi, maso ali tong'o koma nzeru zili bwinobwino. Dokotala William Langston anazindikira kuti akuona Parkinson wofika pomaliza mwa anthu amene ena mwa iwo anali asanakwane n'komwe zaka 30, ndipo levodopa anawamasula. Atafufuza, njira yake inaoneka poyera. MPTP payekha si woopsa kwenikweni. Akalowa mu ubongo, maselo othandizira amamusandutsa poizoni wotchedwa MPP+, ndipo chipangizo chimene selo la dopamine limagwiritsa ntchito pobweza dopamine wake chimanyengeka n'kumukoka MPP+ uja kumulowetsa m'kati. N'chifukwa chake amasankha maselo a dopamine n'kusiya ena. Akalowa amakatseka gawo loyamba la mzere wopangira mphamvu mu mitochondria, lotchedwa complex I, selo n'kufa ndi njala. Mu 1989 kunapezeka kuti gawo lomwelo limagwira ntchito moperewera mu substantia nigra wa odwala Parkinson wamba, amene sanakhudzepo MPTP.

Rotenone, mankhwala ophera tizilombo ndi nsomba, amatseka complex I yemweyo, ndipo makoswe opatsidwa mankhwalawa amadwala zofanana ndi Parkinson. Paraquat, wophera udzu, amafanana kapangidwe ndi MPP+, ndipo kafukufuku pakati pa alimi wasonyeza kuti amene anamugwiritsa ntchito amapezeka ndi Parkinson kwambiri kuposa anzawo. Mayiko a European Union anamuletsa mu 2007. Sindikunena kuti aliyense wopopera mankhwala adzadwala, kapena kuti bambo anadwala ndi zimenezi. Zikungosonyeza kuti zimene timapuma ndi kukhudza zimatha kukankha selo limene lili kale m'mphepete.

Mitochondria akawonongeka amafunika kuchotsedwa, apo ayi amangotulutsa poizoni m'malo mwa mphamvu. Njira imene selo limadziwira wodwala pakati pa abwino ine imandigometsa. Puloteni yotchedwa PINK1 imapangidwa nthawi zonse n'kumapita kwa mitochondria. Wabwinobwino amaikokera m'kati n'kuiduladula, choncho siikhalitsa. Wodwala amalephera kuikoka, ndiye imaunjikana kunja kwake, n'kuitana puloteni ina yotchedwa Parkin, imene imamuika chizindikiro choti akagayidwe. Jini ya Parkin, ndiye kuti malangizo otengera kwa makolo amene selo limatsata popanga puloteniyi, inapezeka ku Japan mu 1998, kulumikizana kwa PINK1 ndi matendawa mu 2004. Munthu amene walandira jini yolakwika kwa makolo onse awiri amadwala Parkinson akadali wamng'ono, kawirikawiri asanafike zaka 40.

Pali nkhani ina imene inayenda payokha zaka zambiri isanakumane ndi ya mitochondria. Mu 1912 Friedrich Lewy anaona timibulu tozungulira m'maselo a anthu omwalira ndi matendawa, ndipo mpaka lero timatchedwa ndi dzina lake. Panapita zaka 85 anthu asanadziwe chimene chili m'kati mwake. Mu 1997 zinthu ziwiri zinatulukira chaka chimodzi. Banja lina lalikulu lochokera m'mudzi wa Contursi ku Italy, limene linali ndi odwala ambiri m'mibadwo ingapo, linapezeka ndi jini yolakwika ya puloteni yotchedwa alpha-synuclein. Kenako Maria Grazia Spillantini ndi anzake ku Cambridge anasonyeza kuti timibulu ta Lewy tadzaza ndi puloteni yomweyo, ngakhale mwa odwala amene jini yawo ili bwino.

Alpha-synuclein tonse tili nayo. Imakhala kunsonga za nthambi za maselo, kumene imathandiza timatumba tosungira ndi kutulutsa uthenga. Ndi puloteni yofewa, yosakhazikika pa maonekedwe amodzi, ndipo nthawi zina imapindika molakwika n'kukhala yomata. Yopindika molakwikayo ikakumana ndi yabwino imaikakamiza kupindika chimodzimodzi, ziwirizo n'kugwira yachitatu, mpaka papangike ulusi wolimba wovuta kugaya. Mu 2003 panapezeka banja limene jini yake inalibe cholakwika chilichonse, kungoti inalipo katatu pamalo pamene imayenera kukhala kamodzi. Puloteni yabwinobwino, yongochuluka, inakwanira kuwadwalitsa asanakalambe.

Chovuta china n'chakuti imaoloka kuchoka m'selo lina kupita m'lina. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 odwala ena anawaika mu ubongo maselo atsopano a dopamine otengedwa ku miluza. Ena mwa iwo atamwalira patapita zaka zoposa 10, malipoti a mu 2008 anasonyeza kuti ena mwa maselo oikidwawo, ngakhale anali aang'ono ndiponso ochokera kwa munthu wina, anali atayamba kukhala ndi timibulu ta Lewy. Musachite mantha: izi zimachitika m'kati mwa ubongo umodzi. Parkinson sapatsirana pokhala nyumba imodzi, pogwirana kapena posamalira wodwala. Heiko Braak wa ku Germany, mu 2003, anafotokoza kuti timibuluti timayambira kumunsi, m'minyewa yonunkhizira ndi pamene pamachokera mtsempha wa vagus wolumikiza ubongo ndi matumbo, kenako n'kumakwera. Mukafunsa amayi kapena aliyense amene wakhala ndi bambo nthawi yaitali, mwina akuuzani kuti anasiya kumva fungo kalekale, kuti ankadzimbidwa kawirikawiri, kapena kuti ankakuwa ndi kuponya zibakera ali m'tulo ngati akuchitadi zimene akulota. Zizindikiro zimenezo zimatha kutsogola ndi zaka zambiri.

Komabe dongosolo la Braak silikwanira aliyense. Alipo odwala, makamaka a jini ya Parkin, amene ubongo wawo ulibe timibulu ta Lewy n'komwe. Ndipo akatswiri ambiri tsopano amaona kuti toopsa kwambiri ndi timagulu ting'onoting'ono ta puloteniyi tisanaundane, timene timaboola khungu la mitochondria ndi la timatumba ta m'selo, kuposa mibulu ikuluikuluyo. Ine ndili mbali yomweyo. Mbulu wa Lewy ukhoza kungokhala umboni woti selo linayesetsa kusonkhanitsa choipacho pamalo amodzi.

Zotha ntchito zonsezi, mitochondria akufa ndi mapuloteni oundana, zimathera mu timatumba ta asidi totchedwa lysosome. Apa m'pamene zaka za munthu zimalowerera. Maselo a pakhungu kapena a m'matumbo amagawikana, amafa, n'kulowedwa m'malo ndi atsopano. Selo la dopamine la bambo ndi lomwe anabadwa nalo, lili ndi zaka 67, ndipo chilichonse chimene lalephera kugaya pa zaka zonsezi chikadali momwemo. N'chifukwa chake ukalamba umaposa china chilichonse poika munthu pachiopsezo. Jini imene kusintha kwake kumapezeka kawirikawiri mwa odwala Parkinson, GBA1, ndi ya enzyme, puloteni yothandiza kugaya, ya mu lysosome. Wolandira ziwiri zolakwika amadwala matenda ena otchedwa Gaucher. Wolandira imodzi chiopsezo chake chimakwera, koma ambiri sadwala. Mu 2023 kafukufuku amene ambiri mwa odwala ake anali a ku Nigeria anapeza kusintha kwina kwa jini yomweyi kumene kumapezeka mwa anthu a makolo a ku Africa, ndipo kunali kusanaoneke pamene ankayeza anthu a ku Ulaya okhaokha. Jini ina, LRRK2, yodziwika kuyambira 2004, nayonso imakhudza kayendedwe ka timatumbati, ndipo kusintha kwake kumodzi n'kofala kumpoto kwa Africa.

Ndazifotokoza chimodzichimodzi, koma m'selo zimakokana. Mitochondria ofooka amatulutsa okosijeni wolusa. Okosijeniyo amakumana ndi dopamine amene wadontha kunja kwa timatumba take n'kumusandutsa chinthu chomatirira ku mapuloteni. Utoto wakuda uja ndi dopamine wotereyu ataunjikidwa pamodzi ndi ayironi. Dopamine wowonongekayo amathandiza alpha-synuclein kuundana, ndiponso amafooketsa enzyme ya GBA1 ija. Lysosome akafooka, mitochondria odwala ndi mapuloteni oundana sachotsedwa, ndipo oundanawo amakasokonezanso mitochondria amene anali bwino. Wina amalowa m'kuzungulira kumeneku kudzera pa jini, wina pa poizoni, ambiri kudzera pa ukalamba ndi tizinthu tambirimbiri tosaoneka, koma kukayamba kumadziyendetsa kokha. Selo likayamba kuvulala kumabweranso asilikali a mu ubongo otchedwa microglia. Poyamba amathandiza pochotsa zakufa, koma akakhala olusa kwa zaka, zimene amatulutsa zimavulaza ndi maselo amene akanapulumuka. Izi zinaonedwa mu substantia nigra wa odwala mu 1988, ndipo mu 2017 kunapezeka kuti asilikali a m'magazi a odwala ena amaona alpha-synuclein ngati mdani.

Matenda ena osokoneza kayendedwe ka thupi amatsata njira yofananayi, kungosiyana puloteni ndi malo. Mu multiple system atrophy ndi alpha-synuclein yomweyo, koma imaunjikana m'maselo opanga myelin. Mu progressive supranuclear palsy ndi puloteni ina yotchedwa tau. Onse awiri amayamba ngati Parkinson koma amathamanga, ndipo levodopa sawathandiza kwenikweni; choncho mmene bambo akumvera mankhwala ndi chizindikiro chabwino. Amene ndikufuna muwasiyanitse bwino ndi Parkinson ndi matenda a Huntington, chifukwa anthu akamva za matenda akumtundu amasokoneza awiriwa. Huntington amabwera ndi jini imodzi yokha, imene inapezeka mu 1993 pa chromosome 4, mmene zilembo zitatu za DNA, CAG, zimabwerezedwa mopitirira. Zikabwerezedwa maulendo 40 kapena kuposa, munthu adzadwala ndithu akakhala ndi moyo wautali, ndipo mwana wake aliyense akhoza kuitenga kapena ayi, theka ndi theka. Amene amafa ndi maselo a mu striatum olandira dopamine, ndipo m'malo mouma, thupi limagwedezeka ndi kupotokola mwiniwake asakufuna. M'maselo amenewo kubwerezabwereza kuja kumanka kutalika munthu akamakula, ndipo kafukufuku wa mu 2025 anasonyeza kuti selo limayamba kusokonekera chiwerengerocho chikadutsa cha m'ma 150. Izi zimathandiza kumvetsa chifukwa chimene munthu wobadwa ndi jiniyo amakhala bwinobwino zaka 30 kapena 40. Parkinson wa anthu ambiri sayenda choncho.

Tibwere ku mankhwala. Dopamine weniweni mutamwa sangalowe mu ubongo, koma levodopa amalowa, ndipo maselo otsala amamusandutsa dopamine. Carbidopa kapena benserazide amene amaphatikizidwa m'piritsimo amaletsa kuti levodopa asasandulike dopamine akadali m'magazi, kumene angangobweretsa nseru. Onani kuti pa zonse ndafotokozazi, levodopa sakhudza mitochondria, alpha-synuclein kapena lysosome. Amabwezera chimene chikusowa, uku chimene chikupha maselo chikupitirira. M'zaka zoyamba nthambi zotsala zimasunga dopamine n'kumamutulutsa pang'onopang'ono, choncho piritsi limodzi limagwira maola ambiri. Nthambi zikamatha, posungira pamasowa: mankhwala akakwera m'magazi munthu amamasuka, nthawi zina mpaka thupi kumapotokola lokha, akatsika amauma nthawi ya piritsi lina isanakwane. Zikafika apo adokotala amatha kugawa mankhwalawo kuti azimwedwa pafupipafupi kapena kuwonjezera ena, choncho ndi bwino kumalemba nthawi imene bambo amwa ndi nthawi imene ayamba kuuma. Komanso matendawa amafika ku maselo ena osagwiritsa ntchito dopamine, amene amayang'anira kuima osagwa, kuthamanga kwa magazi, kumeza ndi kukumbukira. Kumeneko levodopa alibe mphamvu yokwanira.

Pali mphekesera yoti levodopa amafulumizitsa imfa ya maselo, kapena kuti amagwira zaka zowerengeka ndiye ndi bwino kumusungira mtsogolo. Musaimvere. Ku Netherlands odwala 445 anagawidwa pawiri, ena kuyamba levodopa nthawi yomweyo, ena patapita masabata 40. Pofika sabata la 80 magulu awiriwo anali chimodzimodzi, malinga ndi zotsatira zimene zinatuluka mu 2019. Ochedwawo sanapindule kanthu, anangokhala nthawi yaitali opanda thandizo. Bambo asasiye mankhwalawa mwadzidzidzi, chifukwa zingawaumitse koopsa ndi kuwatenthetsa thupi. Ndipo aliyense wowalembera mankhwala ena adziwe kuti ali ndi Parkinson, chifukwa haloperidol, chlorpromazine ndi metoclopramide amatseka malo olandirira dopamine n'kukulitsa zizindikiro.

Mwina mukudabwa kuti ngati zonsezi zikudziwika, bwanji osapanga mankhwala odula kuzungulira kuja. Akhala akuyesedwa, ndipo olephera ndi ambiri. Coenzyme Q10 ndi creatine, othandiza mitochondria, sanasinthe kanthu. Isradipine, wotseka tizipata ta kashiamu, anayesedwa zaka 3 ndipo zotsatira za mu 2020 zinasonyeza kuti sanathandize. Deferiprone, wochotsa ayironi, anakulitsa zizindikiro mwa odwala amene anali asanayambe levodopa. Mankhwala obaya ogwira alpha-synuclein sanafike pamene ankayembekezeredwa pa mayeso awo oyamba. Mwa kuona kwanga, timafika mochedwa, maselo ambiri atapita kale, komanso timaika m'gulu limodzi anthu amene analowa m'matendawa kudzera njira zosiyana n'kuwapatsa mankhwala amodzi. Zimenezi zayamba kusintha. Kafukufuku wamkulu wa mu 2023 anasonyeza kuti kuyeza madzi a mumsana kumapeza alpha-synuclein wopindika mwa odwala pafupifupi 88 pa 100 alionse, ngakhalenso mwa ena amene sanayambe kunjenjemera, ndipo mankhwala a anthu a jini za GBA1 ndi LRRK2 akuyesedwa padera. Koma pakali pano palibe mankhwala ovomerezeka oimitsa matendawa, ndiye wokugulitsani chinthu chimene akuti chimameretsa maselo a ubongo akungofuna ndalama zanu. Chimene chili ndi umboni wabwino pambali pa mapiritsi ndi kulimbitsa thupi: kuyenda ndawala mpaka kupuma mwamphamvu kangapo pa sabata, kuzolowera kuponya mapazi patali, kutambasula minofu ndi kuyankhula mokweza. Kumathandiza kayendedwe, kudzimbidwa, tulo ndi mtima womwe. Musamawachitire bambo chilichonse chifukwa akuchedwa. Alekeni amange okha mabatani, inu mungokhala pafupi.

Za inu ana, ziwerengero zili mbali yanu. Odwala Parkinson ambiri alibe wachibale wodwala. Amene ali naye ndi pafupifupi 10 mpaka 15 pa 100 alionse, ndipo amene matenda awo akuchokera pa jini imodzi ndi ocheperapo. Mwa anthu opitirira zaka 60, pafupifupi 1 pa 100 alionse ndi amene ali ndi matendawa. Kukhala ndi kholo lodwala kumakweza chiopsezo pafupifupi kawiri, kutanthauza kuti ana ochuluka zedi a odwala sadwala. Bambo anawapeza ali ndi zaka 66, msinkhu umene jini imodzi siikhala yoyambitsa kawirikawiri. Nkhani ingasinthe ngati m'banja mwanu muli enanso awiri kapena atatu, kapena ngati wina anayamba asanafike zaka 50. Pamenepo auzeni adokotala, aone ngati kuyeza majini kuli koyenera. Ndipo wina mwa inu akaona dzanja likunjenjemera ponyamula kapu kapena polemba, asafulumire kuganiza zoopsa. Kunjenjemera kwa Parkinson kumabwera dzanja lili phee pamwendo, n'kuchepa likayamba ntchito. Kwa pogwira zinthu kawirikawiri kumakhala kwa mtundu wina, umene ndi wofala kuposa Parkinson ndipo suchokera ku imfa ya maselo a substantia nigra, komabe ndi bwino kuti dokotala akuone n'kusiyanitsa.